Moto umadya chiyani? Mkangano umene unatenga zaka pafupifupi 100

Sabata ino tiyambire pamafuwa. Mukamva wina akuti "yapsa," mumachita chiyani? Ikakhala nsima, mumasamba m'manja. Ikakhala nthochi, mumasenda. Ikakhala nyumba, mumathamanga ndi ndowa. Ukakhala mtima wa amalume umene wapsa, mumangochokapo mwakachetechete. Liwu ndi limodzi, ntchito zake mbwee. Tilinso ndi kuyaka, kunyeka, kuotcha ndi kupserera. Kusukulu anatipatsa liwu lachingerezi lakuti combustion, ndipo ambiri tinangoliloweza kuti tikhoze mayeso. Koma kuseri kwa liwuli kuli mbiri, ndipo mbiriyo ikukhudza mbaula imene mumalowetsa m'nyumba nyengo yozizira.

Funso lake ndi lachibwana ndithu. Mtolo wa nkhuni umene unakupweteketsani khosi, mukausonkhera pamoto, m'mawa mupeza phulusa losadzaza n'mbale yomwe. Zinazo zapita kuti?

Ku Germany, katswiri wina dzina lake Georg Ernst Stahl, potsatira maganizo a Johann Joachim Becher, anapereka yankho limene linafala ku Ulaya m'zaka za m'ma 1700. Iye anati chinthu chilichonse choyaka chili ndi kanthu kobisika m'kati mwake, kotchedwa phlogiston. Chikamayaka, kanthuko kamatuluka n'kupita mumpweya. Makala amatsala ndi phulusa lochepa chifukwa ngodzaza ndi phlogiston. Kandulo mukaivundikira imazima chifukwa mpweya wam'katimo wakhuta, sungalandirenso wina. Musawaseke, chonde. Inuyo mutakhala pamoto n'kumaona utsi ukukwera, simunganene kuti chinachake chikuthawa m'nkhunimo?

Vuto linabwera ndi sikelo. Zitsulo zina, monga mtovu, mukazitentha kwambiri zimasanduka ufa, ndipo ufawo umalemera kuposa chitsulo chimene munayamba nacho. Nanga chinthu chingataye kanthu n'kulemera kuposa kale? Ena pofuna kuteteza chiphunzitsocho anafika ponena kuti phlogiston imapepukitsa zinthu, ndiye ikachoka chinthu chimalemera. Mukuona mmene munthu amavutikira akakonda yankho lake.

Pa 1 August 1774, mbusa wina wa ku England, Joseph Priestley, anatenga galasi lokulitsa zinthu n'kulunjikitsa dzuwa pa ufa wofiira wa mercury. Munatuluka mpweya wachilendo. Ataikamo kandulo, inayaka mowala modabwitsa. Pambuyo pake anaikamo mbewa, ndipo inakhala moyo nthawi yaitali kuposa mmene ikanakhalira mumpweya wamba wotsekeredwa. Ku Sweden, Carl Wilhelm Scheele anali ataupeza kale mpweya womwewu, koma buku lake linachedwa, linatuluka mu 1777. Onse awiri anaugwira m'manja, koma onse awiri anaufotokoza potsatira phlogiston. Priestley anati uwu ndi mpweya umene phlogiston yachotsedwamo, n'chifukwa chake ukukoka moto mwadyera.

Mu October 1774 Priestley anapita ku Paris, ndipo pa chakudya anafotokozera Antoine Lavoisier zimene anaona. Lavoisier anali munthu wa sikelo. Kuyambira 1772 anali ataona kuti sulufule ndi phosphorus zikayaka zimalemera. Anatenthanso chitsulo m'botolo lotsekedwa bwinobwino n'kupeza kuti kulemera kwa botolo lonse sikunasinthe. Atalitsegula, mpweya unalowa mothamanga kukadzaza malo a umene unatha. Apa nkhani inatembenuka. Moto umatenga gawo lina la mpweya n'kuliphatikiza ndi chinthu choyakacho. Nkhuni zanu sizisowa: mbali yaikulu imakwera ngati mpweya ndi nthunzi, ndipo mutasonkhanitsa zonsezo pamodzi ndi phulusa, zingalemere kuposa mtolo uja. Gawo la mpweyalo analitcha okosijeni, ndipo lero tikudziwa kuti ndi magawo pafupifupi 21 pa 100 a mpweya umene tikupuma. Dzinalo limatanthauza chopanga asidi, chifukwa ankaganiza kuti asidi aliyense ali nalo. Pamenepo nayenso anaphonya, koma dzina linakhala.

Musaiwale mkazi wake, Marie-Anne. Ndiye ankamasulira zolemba zachingerezi kupita m'Chifalansa, kulemba zotsatira za kafukufuku, ndiponso kujambula zipangizo zimene zili m'buku la mwamuna wake la mu 1789.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi nkhani ya mbira. Eya, mbira yomweyi imene ana amaweta kuseri kwa khitchini. Lavoisier ndi mnzake Pierre-Simon Laplace anaika mbira m'chotengera chozunguliridwa ndi madzi oundana, n'kuyeza madzi amene anasungunuka ndi kutentha kwa thupi lake. Anayerekeza ndi kutentha kwa makala oyaka otulutsa mpweya woipa wofanana, ndipo ziwerengero zinayandikana. Anatsimikiza kuti kupuma ndi kuyaka kwapang'onopang'ono. Nsima imene mwadya masana ikuyaka m'thupi mwanu pano, popanda lawi. Dzimbiri limene likudya malata anu ndi m'bale wake wa zomwezi, okosijeni akuphatikana ndi chitsulo mosafulumira.

Amuna awiriwa sanathe bwino. Mu July 1791 gulu la anthu olusa linatentha nyumba ya Priestley ku Birmingham, pamodzi ndi mabuku ndi zipangizo zake, chifukwa cha maganizo ake pa chipembedzo ndi ndale. Anasamukira ku America mu 1794 ndipo anamwalira mu 1804 akukhulupirirabe phlogiston. Lavoisier, yemwe anali m'gulu la okhometsa msonkho a mfumu, anadulidwa mutu pa 8 May 1794 nthawi ya kuukira boma ku France.

Mwina mukuti, nanga makolo athu? Iwo analibe liwu lakuti okosijeni, koma manja awo ankadziwa. Osula ankapopa mvukuto kuti ng'anjo itenthe mpaka mwala utulutse chitsulo cha makasu ndi nkhwangwa. Agogo akagwada n'kuuzira moto umene ukuzilala, amaudyetsa mpweya. Wootcha makala amakwirira mitengo ndi dothi kuti mpweya ulowe wochepa, mitengo inyeke koma isasanduke phulusa. Ngakhale makaniko amene akutsuka sefa ya mpweya pa minibasi akutsatira lamulo lomwelo.

Tsopano mbaula ija. Makala akamayaka m'chipinda chotseka, okosijeni amachepa, ndipo m'malo mwa mpweya woipa wamba mumachuluka wina wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu. Umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200. Munthu amamva mutu, chizungulire ndi kufooka, ndipo amene ali mtulo sadzuka n'komwe. Makala ofiira bwino, osafuka utsi, amautulutsabe, choncho musanyengedwe poona kuti utsi watha.

June ndi July akafika, kaya muli ku Dedza, ku Mzuzu kapena ku Thyolo, otherani moto pamalo popita mphepo, ndipo mbaula itulutseni musanagone. Wina akayamba kudandaula mutu pafupi ndi mbaula, tsegulani zitseko, mutulutseni panja, muthamange naye kuchipatala. Auzeninso alonda ndi ana asukulu amene amagona m'zipinda zalendi.

Ndisiyire pomwepa. Kwanuko liwu lakuti kupsa mumaligwiritsanso ntchito pa chiyani? Tiuzeni, tionane sabata yamawa.