Peugeot 404 ndi Misewu ya Kuchigwa kwa Lundu

Dalaivala aliyense wochokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa amaudziwa mtsetse wa Thabwa. Msewu umakhotakhota m'mbali mwa phiri, kunsi uko Shire akuoneka, ndipo kamphepo kozizira ka kumtunda kamanka kachepa mpaka munthu atayamba kumasula mabatani a malaya. Potsika omwe amalira ndi mabuleki, pokwera imalira ndi injini. Galimoto yofooka imadziwikira pamenepa. Mwa magalimoto akale omwe ankalimbana ndi phirili atasenza katundu wopyola muyezo, inalipo ina yochokera ku France, ya chizindikiro cha mkango kumphuno: Peugeot 404, ndi mng'ono wake 504.

Kwawo kwa galimotoyi ndi ku Sochaux, kum'mawa kwa France. Banja la Peugeot linayamba kusula zitsulo mu 1810, nkumapanga macheka, zoperera khofi, kenako njinga zakapalasa. Mkango uja anaulembetsa ngati chizindikiro chawo mu 1858, kunalibe ndi galimoto yomwe, pofuna kutamanda kulimba kwa mano a macheka awo. Armand Peugeot ndiye anakokera banjalo ku magalimoto, kuyambira mu 1889 ndi kagalimoto ka matayala atatu koyendera nthunzi.

Magalimoto ena a ku France anali ataponda kale dziko lino 404 isanabadwe. Pa 28 October 1924, magalimoto asanu ndi atatu a Citroën ananyamuka ku Colomb-Béchar ku Algeria pa ulendo wodula Africa yense, motsogozedwa ndi Georges-Marie Haardt ndi Louis Audouin-Dubreuil. Kutsogolo anali ndi matayala wamba, kumbuyo ankayendera malamba a mphira, luso la Adolphe Kégresse. Atafika ku Uganda anagawikana m'magulu anayi, ndipo gulu la Haardt linadzera ku Nyasaland polowera ku Mozambique. Ulendowo unakathera ku Antananarivo ku Madagascar pa 26 June 1925. Amenewo anali alendo odutsa, ofuna kutchukitsa dzina la kampani kwawo. Peugeot ndiye anadzakhazikika nkugwira ntchito.

404 inatuluka mu 1960, thupi lake atalijambula a Pininfarina a ku Italy. Pamaso sinali yodabwitsa: ya ngodyangodya, nyali zozungulira, injini ya petulo ya 1,618 cc yopendekera mbali imodzi. Mbiri yake inamveka pa mpikisano wa East African Safari, womwe unkadutsa m'matope ndi m'miyala ya Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Mu 1963 ananyamuka magalimoto 84, omaliza anali 7 okha, ndipo patsogolo panali 404 ya Nick Nowicki ndi Paddy Cliff. Inapambananso mu 1966 ndi 1967 m'manja mwa Bert Shankland ndi Chris Rothwell, mu 1968 Nowicki nkubwereza. Wogula galimoto m'mayiko a kuno sankafunanso umboni wina. Chaka cha 1968 chomwecho inabadwa 504, yomwe inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya chaka cha 1969 ku Ulaya, nkudzapambananso Safari mu 1975 ndi Ove Andersson.

Zaka zimenezi n'zomwenso chigwa cha Shire chinkasintha. Kuyambira kale, dziko la Mfumu Yaikulu Lundu ya Amang'anja, kuchoka ku Chikwawa mpaka kumalire a ku Nsanje, linkayendedwa pamadzi ndi wapansi. Sitima za m'madzi zinkakwera Shire mpaka ku Chiromo ndi kwa Katunga, kenako mu 1908 njanji yochokera ku Port Herald, yomwe lero ndi Nsanje, inafika ku Blantyre. Msewu unabwera m'mbuyo mwa zonsezi, ndipo kwa nthawi yaitali unali wafumbi, galimoto ikamafika pa Shire nkumadikira kuwolotsedwa, mlatho wa Kamuzu usanamangidwe. Koma m'ma 1960 kunadza ntchito zofuna magalimoto. Kampani ya Lonrho inatsegula minda ya nzimbe ya Sucoma ku Nchalo, fakitale nkuyamba kutulutsa shuga mu 1966. Mu 1968 inayamba ntchito yotukula ulimi wa thonje m'boma la Chikwawa ndi ndalama za World Bank, likulu lake ku Ngabu. ADMARC inalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board mu 1971. Alangizi a zaulimi, ogula thonje, amalonda a m'magolosale, ansembe oyendera mipingo ya kumidzi, onsewa ankafuna galimoto yoti ichoke pa msewu waukulu nkulowa m'tinjira ta ngolo osadandaula.

Nthaka ya kuchigwa imayesa galimoto mwa njira ziwiri. M'chilimwe makande amang'aluka, msewu umachita timizeremizere togwedeza mano, ndipo mu October ndi November kutentha kumapyola madigiri 40. Mvula ikagwa, makande omwewo amasanduka phala lomata. Peugeot inkapirira zonsezi chifukwa cha kapangidwe kake. Masipuling'i ake ankasewera kutali, kotero tayala linkatsata dzenje osaponya okwera kudenga. Inkakoka ndi matayala a kumbuyo, ndipo pikiapu yake, yomwe inayamba mu 1967, inali ndi masipuling'i a zitsulo zosanjikiza oti katundu akachuluka ndi pomwe imagwira bwino nthaka. Giya inali pachiwongolero, kotero kutsogolo kunkakwana anthu atatu. Kumbuyo ndiko kunali matola: matumba a chimanga ndi mapira, mitanga ya nsomba zouma za ku Elephant Marsh, mbuzi yomangidwa miyendo, amayi ndi ana, wodwala wopita ku chipatala, tsiku lina bokosi la maliro.

Chinsinsi chenicheni cha moyo wake wautali chinali m'manja mwa amakaniko. Injini ya 404 ili ndi masilivu ochotseka: mapisitoni akadya m'kati, makaniko amazula masilivu akuthawo nkulowetsa ena, injini nkubwerera mwakale osaitumiza kumakina a m'tauni. Kabuleta amaimasula pa chiguduli pansi pa mtengo, kuitsuka ndi petulo, kuiuzira, nkuibwezera. Mulibe kompyuta yofuna kufunsidwa. Batire ikafooka, anyamata anayi amakankha, dalaivala nkuiponya m'giya yachiwiri. Zipangizo sizinkasowanso kwenikweni, chifukwa galimotozi ankazilumikiza konkuno ku Africa: ku South Africa, ku Mutare ku Zimbabwe, ku Kaduna ku Nigeria kuyambira 1975, ndi ku Kenya, komwe 404 inapangidwabe mpaka 1991 ngakhale ku France galimoto yonyamula anthuyo anali ataisiya mu 1975. Nayo 504 inapitirira ku Kenya mpaka 2004. Peugeot imodzi ikafa, inkadyetsa zinzake zitatu.

Amakaniko amenewa ndi omwe anasunga Peugeot, ngakhale palibe anawatcha osunga mbiri. Kusunga kwawo kunali koti galimoto idzuke mawa ikagwire ntchito. N'chifukwa chake yomwe yatsala nthawi zambiri imapezeka ndi chitseko cha galimoto ina, nyali za mtundu wina, mwinanso injini ya ku Japan.

Kutha kwake kunabwera mwakachetechete. Mapikiapu a Toyota ndi Datsun anayamba kulanda msika, ndipo malonda atamasuka m'ma 1990 magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito a ku Japan anasefukira kudzera m'madoko a Durban, Beira ndi Dar es Salaam. Minibasi inatenga okwera a pa msewu wa M1, kuchoka pa Thabwa kudzera Dyeratu, Nchalo, Ngabu ndi Bangula mpaka ku Nsanje, pomwe njinga za kabaza ndi zamoto zinatenga tinjira ta kumidzi. Galimoto yoimikidwa kuseri kwa nyumba kuchigwa siikhalitsa. Dzuwa limaphwanya mphira ndi mipando. Madzi osefukira, monga a mu January 2015, a namondwe Ana mu January 2022 ndi a Freddy mu March 2023, amasiya matope m'kati mwa zitseko ndi pansi pa thupi, dzimbiri nkumadya osaoneka. Ogula zitsulo zakutha amamaliza zotsalazo pa sikelo.

Kwawo ku France amachita mosiyana. Ku Sochaux kuli nyumba yosungira mbiri ya Peugeot, yomwe inatsegulidwa mu 1988. Galimoto ya malamba yomwe Audouin-Dubreuil anadutsira chipululu cha Sahara mu 1922 ndi 1923 ikusungidwa m'tauni ya kwawo ya Saint-Jean-d'Angély. Kuno kwathu, pabwalo la Museum ya Chichiri ku Blantyre pali injini ya sitima yapamtunda, galimoto yozimitsira moto ndi basi yakale. Pikiapu ya matola iyenera malo pafupi ndi zimenezi, chifukwa inanyamula anthu wamba ambiri a kumidzi komwe njanji ndi basi sizinkafika.

Amene ali nayo ina kuseri kwa nyumba ku Mbewe, ku Ngabu kapena kwa Tengani sakufunika chuma chambiri kuti ayambe. Choyamba ndi denga ndi malo okwera osafika madzi, galimoto itakwezedwa pa njerwa kuti matayala asaole. Matope onse atsukidwe pansi pake, petulo wakale akhuthulidwe, m'masilinda athiremo oyilo pang'ono ndi kumapukusa injini ndi dzanja kuti isagwirane. Kachitsulo kolembedwa nambala ya galimoto kasachotsedwe, ndipo bulubuku ndi mapepala ena akale asungidwe mouma, popeza ndiwo amanena chaka chake ndi eni ake oyamba. Penti yatsopano ingathe kudikira. Chofunika kufulumira nacho ndi kukhala pansi ndi madalaivala ndi amakaniko okalamba, kulemba misewu yomwe galimotoyo inayenda, katundu yemwe inanyamula ndi momwe ankaikonzera ikafera pakati pa Bangula ndi Nsanje mvula ikugwa.