Liwonde, Doko Loiwalika

Pa mlatho wa Liwonde, Balaka kumbuyo, Machinga kutsogolo, ine ndimaona doko lakale. Dera lino amalonda achiyao ankaoloka Shire atasenzetsa akapolo minyanga ya njovu, ulendo wa kugombe, ku Kilwa ndi Quelimane. Pobwerako ankatenga nsalu, mikanda ndi mfuti. Livingstone anadutsa chigwa chino mu 1859. Mu 1895 asilikali a Harry Johnston anagonjetsa Mfumu Kawinga pa phiri la Chikala, malonda a anthu nkuyamba kuzilala. Mu 1970 njanji ya ku Nacala inatilumikizanso ndi nyanja yamchere ija. Koma abale, mwana wasukulu atatifunsa pomwe makolo ake anaolokera goli lili m'khosi, tingamulozere pati?