Mmene makina otsuka magazi anayambira

Mwina munaonapo pa pepala la kuchipatala mawu a Chipwitikizi akuti insuficiência renal. Amatanthauza kuti impso zalephera kusefa magazi, ndiye zoipa zoyenera kutuluka ndi mkodzo zimangotsalira m'thupi. Kale, impso zikaima, panalibe chochita: munthu ankatupa, kusanza, kukomoka, n'kumwalira.

Mu 1943, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ili mkati, dokotala Willem Kolff wa ku Kampen, m'dziko la Netherlands, anapanga chipangizo cholowa m'malo mwa impso. Zipangizo zinali zosowa, choncho anatenga kathumba katali kopyapyala kokutira masoseji, n'kukakulunga pa chinthu chonga ng'oma chimene chinkazungulira m'madzi amchere. Magazi akamayenda m'kathumbako, zoipa zinkadutsa n'kulowa m'madzimo. Uku ndiko kutsuka magazi kumene anamwino amati hemodiálise.

Odwala ake oyamba anamwalira. Mu 1945 mayi wina wa zaka 67, amene anali chikomokere, anatsitsimuka. Koma mvetsani bwino apa: makinawo sanachize impso zake. Anangomugwirizira moyo mpaka impsozo zinadzuka zokha, chifukwa vuto lake linali ladzidzidzi. Pa pepala vuto lotere amalemba aguda. Kwathu kuno limabwera ndi malungo aakulu, kutsegula m'mimba kwambiri, kapena kutaya magazi pobereka, ndipo wothamangira kuchipatala angathe kuchira.

Mawu ena ndi crónica, kutanthauza impso zimene zawonongeka pang'onopang'ono kwa zaka, kawirikawiri chifukwa cha shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Zimenezi sizidzukanso. Odwala otere makina a Kolff sankawathandiza nthawi yaitali, poti ulendo uliwonse ankang'amba mtsempha, mpaka mitsempha yabwino kutha. Mu 1960, ku America, mumzinda wa Seattle, Belding Scribner anaika kachubu kokhalitsa pamkono, wodwala n'kumalumikizidwa mobwerezabwereza. Makina anali ochepa moti panakhazikitsidwa komiti yosankha amene alandire thandizo. Tangoganizani kukhala m'komiti imeneyo.

Lero wodwala crónica amene impso zake zalephereratu amafunika makinawo katatu pa mlungu, pafupifupi maola anayi ulendo uliwonse, ndipo amapezeka m'zipatala zikuluzikulu ngati ku Maputo, kutali ndi Angónia kapena Tsangano. Ngati muli ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi, pemphani kuti akuyezeni mkodzo ndi creatinina, zinyalala za m'magazi zimene zimachuluka impso zikafooka, ngakhale mapazi asanayambe kutupa.