Makina a Laser ndi Vuto la Zilembo

Omvera, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 munthu wokhala ndi kompyuta m'nyumba mwake ankatha kulemba kalata yabwino, koma poitulutsa papepala manyazi ankamugwira. Makina osindikizira otsika mtengo a masiku amenewo ankagogoda riboni ndi timisomali, nasiya zilembo zamadonthomadontho zoonekera patali.

Njira ina idali itapezeka kale. Mu 1971 Gary Starkweather, wa kampani ya Xerox ku America, adapanga makina osindikiza ndi kuwala kwa laser. Kuwalako kumajambula tsamba pa chigubu chozungulira, ufa wakuda n'kumamatira mojambulidwamo, ndipo kutentha kumaukanikiza papepala. Oyambawo adali aakulu, a makampani olemera okha. Mu 1984 Hewlett-Packard idatulutsa LaserJet yokwana pathebulo, yosindikiza masamba 8 pa mphindi, pa mtengo wa madola 3,495. Mu 1985 Apple idatsatira ndi LaserWriter, ya madola 6,995.

Apa mpamene padagona vuto. Galasi la kompyuta ya Macintosh linkaonetsa timadontho 72 pa inchi, pamene makina a laser ankaika timadontho 300. Zilembo za pagalasi zidali zomangidwa ndi timadontho towerengeka, msinkhu uliwonse paokha. Mukazitumiza momwemo kupepala, zinkatuluka za manomano ngati sowo. LaserWriter idali ndi zilembo zakezake m'kati: Times, Helvetica, Courier ndi Symbol. Izi zidasungidwa ngati mizere yokhotakhota, m'chilankhulo cha PostScript cha kampani ya Adobe, kotero zinkakula kapena kuchepa osataya kusalala. Ndipotu, omvera, ntchito yowerengera mizereyi idali yolemera moti makinawo adapatsidwa ubongo wothamanga kuposa wa kompyuta imene inkawalamula.

Tsono wolemba akasankha zilembo za New York pagalasi, makina ankaika Times m'malo mwake; Geneva inkasanduka Helvetica, Monaco n'kukhala Courier. Koma zilembo zimenezi sizilingana m'lifupi. Mawu ankatalikirana mosayenera, mizere yoyalidwa bwino n'kusokonekera, ndipo mapepala ambiri ankathera m'dengu. Ochenjera adaphunzira kulemba ndi Times kapena Helvetica kuyambira pachiyambi, ngakhale pagalasi zinkaoneka zonyansa, chifukwa m'lifupi mwake mudali mogwirizana ndi mwa makina. Ine ndimati amenewa adachita bwino: adakhulupirira pepala koposa maso awo.

Mankhwala adabwera mochedwa. Mu 1989 Adobe idatulutsa Adobe Type Manager, yojambula zilembo za pagalasi kuchokera ku mizere yomweyo imene makina ankagwiritsa ntchito. Mu 1991 Apple idabweretsa TrueType, njira yakeyake yochitira zomwezo.

Ife kuno tidali ndi dandaulo lathu lapadera. Pa zilembo zimene Macintosh idabwera nazo padali â, ê, î, ô ndi û za Afalansa, koma ŵ ya m'dzina la Malaŵi idalibemo. Anthu a ku Wales, amenenso amalemba chilembo chomwechi, adasowa chimodzimodzi. Wofuna kusindikiza Chicheŵa adayenera kufunafuna zilembo zopangidwira padera, kapena kuika kachipewako ndi cholembera pepala litatuluka. Ndondomeko ya Unicode, imene idayamba kufalitsidwa mu 1991, ndiyo idapatsa ŵ nambala yakeyake, yozindikirika pa makompyuta a mitundu yonse.