Mmene amamangira galimoto zokhala ndi nyumba zoyendera maulendo ataliatali

Pa zipata za dziko lino monga Songwe, Mchinji ndi Mwanza nthawi zina pamafika galimoto zikuluzikulu za alendo zomwe kumbuyo kwake kuli kanyumba kogonamo, kophikiramo komanso kosambiramo. Ambiri mwa alendowa amakhala ali pa ulendo wa pamtunda wochokera ku Ulaya kapena ku Cairo kulowera ku Cape Town, ndipo amatha miyezi kapena zaka akukhala m'galimotomo.

Imodzi mwa galimoto zomwe zimagwiritsidwa ntchito kwambiri pomanga nyumba zoterezi ndi Unimog ya ku Germany. Katswiri wina wa zamakina, Albert Friedrich, ndiye adayambitsa ntchito yokonza galimotoyi nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, ndipo yoyamba yoyeserera idapangidwa m'chaka cha 1946. Poyamba idali ya alimi, moti mpata wa pakati pa matayala ake udali mamita 1.27 pofuna kuti ugwirizane ndi mizere iwiri ya mbatatesi. Kampani ya Daimler-Benz idayamba kupanga galimotoyi ku Gaggenau m'chaka cha 1951, ndipo mu 2002 ntchitoyi idasamukira ku Wörth.

Omanga amaikonda Unimog kaamba koti matayala ake onse anayi amakoka, komanso zitsulo zolumikiza matayala zili pamwamba kuposa pakatikati pa gudumu, zomwe zimathandiza kuti mimba ya galimoto isagunde miyala kapena zitsa. Ena amasankha malole akale a asilikali ndi a ozimitsa moto a mtundu wa MAN, Iveco kapena Mercedes-Benz chifukwa mtengo wake ndi wotsikirapo.

Vuto lalikulu pa ntchito yomanga lagona polumikiza nyumba ndi galimoto. Chassis ya galimoto zoterezi idapangidwa kuti izipindika ikamadutsa m'maenje, pomwe nyumba siyenera kupindika. Nyumbayo ikamangiriridwa molimba mbali zonse, makoma amang'aluka ndipo zitseko zimaleka kutsekeka. Pachifukwachi, amisiri amaika chimango china chachitsulo pakati, chomwe chimagwira chassis pa malo atatu kapena anayi okha, ena mwa iwo otha kugwedera.

Makoma ambiri amapangidwa ndi timatabwa tiwiri topyapyala ta fibreglass tokhala ndi thovu louma pakati. Makoma oterewa ndi opepuka, sachita dzimbiri, ndipo amatchinjiriza kutentha ndi kuzizira. M'katimo mumaikidwa bedi, mbaula, firiji, chimbudzi ndi thanki ya madzi, pomwe magetsi amachokera ku sola za padenga zodzaza mabatire. Makampani monga Unicat ya ku Germany, Action Mobil ya ku Austria ndi EarthRoamer ya ku America amagulitsa galimoto zomalizidwa kale, koma anthu ambiri amamanga okha pofuna kuchepetsa ndalama.

Kulemera kwa galimoto ndi nkhani ina yomwe womanga sayenera kuinyozera. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 500 imaonjezera theka la tani. Matanki ndi mabatire amaikidwa pansi kwambiri kuti galimoto isagubuduke pamalo opendekeka. Malamulo nawo amatsatira kulemeraku. M'maiko a European Union, laisensi ya gulu B imalekeza pa matani 3.5, ya C1 pa matani 7.5, ndipo galimoto yoposa apo imafuna laisensi ya C.

Pali nkhaninso ya mafuta. Injini zatsopano za muyezo wa Euro 6 zimafuna dizilo wokhala ndi sulphur wochepa kwambiri komanso mankhwala a AdBlue. Dizilo wa sulphur wambiri amatseka zosefera utsi, n'chifukwa chake oyenda maiko akutali ambiri amakonda injini zakale zomwe makaniko wa pamsewu atha kukonza popanda kompyuta.

Galimoto ikatha kumangidwa pamatsala zikalata. Eni ake ambiri amayenda ndi Carnet de Passages en Douane, chikalata chomwe mabungwe a eni galimoto amapereka mwini wake akasiya ndalama ya chikole. Chikalatachi chimatsimikizira akuluakulu oona za msonkho kuti galimoto ilowa kwa kanthawi chabe ndipo idzatulukanso. Chimadindidwa polowa ndi potuluka, ndipo chidindo chotulukira chikasowa, boma la dzikolo litha kuitanitsa msonkho wonse ngati kuti galimotoyo idagulitsidwa konko.

Kuno ku Malawi, bungwe la Malawi Revenue Authority ndilo limaona za kulowa kwa galimoto zakunja, ndipo limapereka chilolezo cha kanthawi kwa alendo obwera ndi galimoto zawo. Pa nkhani ya inshulansi, dziko lino lili m'gulu la maiko omwe amavomereza khadi yachikasu ya COMESA, yomwe imateteza anthu ena pamsewu ngati galimoto ya mlendo yachita ngozi.