Nambala 659,608: chiwerengero cha Ntcheu m'maso mwa akatswiri a masamu

Kalembera wa anthu ndi nyumba yemwe bungwe la National Statistical Office lidachita mu Sepitembala 2018 adapeza anthu 659,608 m'boma la Ntcheu, mwa anthu 17,563,749 a m'dziko lonse. M'nambalayi muli aliyense amene adalembedwa, kuyambira ku Kasinje m'chigwa cha Bwanje kukafika kumapiri a Tsangano, ndipo ziwerengero zotere n'zimene akuluakulu amadalira polinganiza sukulu, zipatala ndi thandizo la chakudya. Funso la masamu ndi lakuti: gulu lotereli lingagawike mofanana m'njira zingati, popanda wotsala?

Zina zimaoneka munthu asadagwire cholembera. Nambalayi ikuthera ndi 8, motero imagawika ndi 2 koma osati ndi 5 kapena 10. Manambala atatu akumapeto, 608, amagawika ndi 8, zomwe zikusonyeza kuti yonseyo imagawikanso ndi 8 n'kupereka 82,451. Kuphatikiza 6, 5, 9, 6, 0 ndi 8 kumapereka 34, ndipo poti 34 sagawika ndi 3, nambalayinso singagawike ndi 3, 6 kapena 9.

Povuta ndi pa 82,451. Woyesa 7, 11, 13 mpaka 37 amabwerako manja lendelende; imagonja pa 41, n'kupereka 2,011. Manambala 41 ndi 2,011 ndi a mtundu wa prime, omwe sagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iwo eni. Choncho mafupa a nambalayi ndi 2 × 2 × 2 × 41 × 2,011.

Apa mpomwe pakuchokera yankho: manambala oigawa ndendende alipo 16 okha, kuphatikizapo 1 ndi iyo yomwe. Anthu a ku Ntcheu angaikidwe m'magulu 8 ofanana, kapena 41 a anthu 16,088 lililonse, koma pakati pa 8 ndi 41 palibe nambala yowagawa osasiya otsala. Chimodzimodzinso pakati pa 328 ndi 2,011.

Cha m'ma 100 AD, Mgiriki Nicomachus adaika manambala m'magulu atatu: operewera, angwiro ndi osefukira, potengera zomwe zimapezeka pophatikiza manambala onse oigawa nambala, kusiyapo iyo mwini. Nambala 28, yomwenso ndi chiwerengero cha maboma a dziko lino, ndi yangwiro chifukwa 1, 2, 4, 7 ndi 14 zimabwezera 28. Ya Ntcheu ndi yoperewera: zoigawa zimakwana 607,952, kutsalira ndi 51,656.

Sipezekanso pochulukitsa nambala ndi iyo yomwe, pakuti 812 × 812 ndi 659,344 pomwe 813 × 813 ndi 660,969. Chiwerengero cha dziko lonse chija n'chosiyana nayo ndithu: sichigawika ndi 2, koma chimagawika ndi 3 komanso 7, moti Amalawi onse akadakwana magulu 21 a anthu 836,369.