Lasse, dzina limene tinatsala pang'ono kulikana

Pa kalembera wa ana a ubatizo caka catha, bambo wina wa m'parokya yathu ya Fonte Boa anati mwana wake ndi Lasse. Ife makatekista tinayang'anana. Tinamuuza kuti palibe woyera wa dzina limenelo, abwerere kumudzi akasankhe lina. Iye anayankha modzicepetsa kuti linali dzina la mzungu wa ku Denmark amene anagwira nchito ndi malemu atate ake, ndipo malemuwo anasiya mawu akuti mdzukulu wamwamuna adzapatsidwe dzinalo. Anacoka nkhope ili yakugwa. Titafufuza pambuyo pake, manyazi anatigwira, pakuti tinali titakana dzina la mmaritiri amene wansembe amamukumbukira paguwa m'Pemphero loyamba la Ukaristia.

Anthu a ku Denmark, Sweden ndi Norway ali ndi cizolowezi cofupikitsa maina posonyeza cikondi, monga tonse timaitana Francisco kuti Chico ndi José kuti Zé. Ku Sweden Karl amasanduka Kalle, Nils amasanduka Nisse, ndipo Lars amasanduka Lasse. Tsono Lars ndi cidule ca dzina la Cilatini lakuti Laurentius, kutanthauza munthu wa ku Laurentum, mzinda wakale wa kufupi ndi Roma. M'Cipwitikizi dzinali ndilo Lourenço.

Mzinda wa Laurentum unafafanizika kalekale, ndipo dzina lake likanaiwalika pakanapanda dikoni mmodzi. Lourenço Woyera anali mwa madikoni 7 a Mpingo wa ku Roma, wosunga cuma ndi wogawira amphawi. M'caka ca 258 mfumu Valeriano inalamula kuti aepiskopi, ansembe ndi madikoni aphedwe. Papa Sisto II anaphedwa pa 6 Agosto, ndipo Lourenço anamtsatira pa 10 Agosto. Mbiri imene akhristu akale anatisiyira imati mkulu wa mzinda atamlamula kupereka cuma ca Mpingo, iye anasonkhanitsa osauka, olumala ndi amasiye, nawaimika pamaso pa mkuluyo monga cuma cimene anali kufuna. Imatinso anamuwocha pa cicitsulo coikidwa pa makala amoto. Aliyense amene anasungapo thumba la copereka ca mphakati adziwa kuti woyera ameneyu ali ndi mawu kwa ife.

Dzinali linafika kumpoto pamodzi ndi ubatizo. Ansgar Woyera analalikira kwa anthu a ku Denmark kuyambira 826, napitirira ku Birka, m'dziko la Sweden. Katedralo ya ku Lund, imene guwa lake lalikulu linadalitsidwa mu 1145, inaperekedwa kwa Lourenço Woyera. Maiko amenewa atapatukana ndi Roma natsatira ciphunzitso ca Luther, dzina silinatayike: arkiepiskopi woyamba wa Cilutera ku Uppsala, mu 1531, anali Laurentius Petri. Kufikira lero kalendala ya ku Sweden imaika dzina la Lars pa 10 Agosto. Kwathu kuno dzina lomweli linadzera panyanja, ndipo likulu la dziko lathu linali Lourenço Marques kufikira 1976.

Nanga kuuma mtima kwathu kunacokera kuti? Buku la Malamulo a Mpingo la 1917, pa kanoni 761, linkalamula abambo mfumu kuonetsetsa kuti wobatizidwa alandire dzina lacikhristu. Makolo akaumirira lawo, wansembe aonjezepo la woyera, alembe onse awiri. Misyoni ya Lifidzi ndi ya Fonte Boa zinakula pansi pa lamulo limeneli, n'cifukwa cake agogo athu ambiri ali ndi dzina la m'buku ndi dzina la kumudzi. Koma buku la 1983, pa kanoni 855, limangopempha makolo, ankhoswe a ubatizo ndi bambo mfumu kuti asapereke dzina losagwirizana ndi mtima wacikhristu. Katekisimu wa Mpingo, pa nambala 2156, amanena kuti dzina lingakhale la woyera, kapena lonena za cinsinsi ca cikhulupiriro, kapena za khalidwe lokoma lacikhristu. Motero Cisomo, Cikondi ndi Cifundo ndi maina oyenera pa citsime ca ubatizo. Ife tinali kusunga lamulo lotha nchito zaka 40 zapitazo, ndipo ngakhale lamulo lakalelo silinalamule kubweza kholo kumudzi.

Tinapita awiri kwa bambo uja kukapepesa. Tinamfotokozera za dikoni wa ku Roma, ndipo anatifunsa kawiri ngati zoonadi munthuyo anafera osauka ndi cikhulupiriro. M'buku la ubatizo munalembedwa Lourenço Lasse, mwa kufuna kwa makolo eni ake. Kumudzi agogo aakazi, amene lilime lawo silizolowera maina a kutali, amamuitana mwanayo kuti Lase.